Gulugufe Wopanda Pakamwa

Matondo ndi ndiwo yodziŵika bwino, makamaka ku Kasungu ndi m'madera ena a nkhalango za mitondo ndi misuku. Koma ndi anthu oŵerengeka amene anaona make wa matondo namuzindikira. Iyeyu ndi gulugufe wamkulu wouluka usiku, wa m'banja limene akatswiri amalitcha Saturniidae. Banjali lili ndi mitundu yoposa 2,000, ndipo yambiri imapezeka m'maiko otentha. Wina wotchedwa Atlas, wa ku Asia, akatambasula mapiko amafika masentimita 24, kuposa chikhatho cha munthu wamkulu.

Chodabwitsa ndi chakuti gulugufe wamkulu chotereyu sadya. Pakamwa pake sipanakule moti n'kumwera madzi a m'maluŵa monga achitira agulugufe amasana. Mphamvu zonse zimene ali nazo ndi mafuta amene anasunga akali mbozi, pamene ankadya masamba usana ndi usiku, nafundula khungu kanayi asanakhwime. Mafutawo akatha, nayenso watha, ndipo kaŵirikaŵiri pamakhala patangopita mlungu umodzi. M'masiku ochepaŵa ntchito yake ndi imodzi yokha: kupeza mnzake ndi kusiya mazira.

Nanga amapezana bwanji mumdima? Wamkazi sayendayenda. Amakhala pa nthambi natulutsa fungo limene munthu sangalimve, koma wamwamuna amaligwira ndi tinyanga take tooneka ngati nthenga, ngakhale ali pa mtunda wa makilomita angapo. Jean-Henri Fabre, katswiri wa tizilombo wa ku France, anatsekera wamkazi mmodzi m'kakhola ka waya m'nyumba mwake. Usiku womwewo amuna okwana ngati 40 anadzaza nyumbayo.

Mdani wawo wamkulu usiku ndi mleme. Mleme susaka ndi maso. Umatulutsa kulira kosamveka m'makutu a munthu, numvetsera pamene kulirako kukubwerera kuchokera pa chinthu chouluka. Mitundu ina ya agulugufeŵa ili ndi michira yaitali kumapiko a kumbuyo. Wa ku Madagascar, wachikasu, michira yake imafika masentimita 15, ndipo mbale wake wobiriŵira amapezeka kum'maŵa ndi kumwera kwa Afirika. Kwa nthaŵi yaitali ntchito ya michirayi sinkadziŵika bwino. Mu 2015 akatswiri a ku America, Jesse Barber ndi Akito Kawahara ndi anzawo, anaonetsa kuti michirayi ikamapota pouluka imasokoneza mleme, moti umaluma mchira m'malo mwa thupi. Gulugufe amathaŵa ali wodukaduka, koma wamoyo. Ofufuza omweŵa anapezanso mu 2018 kuti michira yaitali sinachokere kwa kholo limodzi. Inayamba payokhapayokha kangapo m'magulu osiyana a banjali, popeza amichira yaitali ndiwo ankapulumuka kwambiri kwa mileme nasiya ana.

Dzina lakuti agulugufe a silika lisasokoneze munthu. Silika wambiri wa m'masitolo amachokera kwa mbozi ya banja lina, yodya masamba a malubeni. Komabe ku India amaomba nsalu ndi ulusi wa zikwa za m'banja la Saturniidae, monga silika wa muga wa ku Assam, wooneka ngati golide. Matondo athu saluka chikwa. Akakhwima amatsika mumtengo, naloŵa m'nthaka, nakhala m'menemo miyezi yambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa otola matondo. Mbozi iliyonse yoloŵa m'nthaka ndiyo gulugufe wa chaka chamaŵa, ndipo wamkazi mmodzi amaikira mazira ambirimbiri. Wotola zonse, zazing'ono zomwe, wadya mbewu. Wodula mtengo kuti atole mosavutika wachita choipa koposa, chifukwa gulugufe alibe masiku okafunira nkhalango ina kutali. Moto wolusa wa m'chilimwe nawo umapsereza masamba anthete pamodzi ndi mazira, pamene moto wotentha msanga udzu ukali wauŵisi umasiya mitengo ikuphuka bwino. Mu 1990 boma linalola midzi yozungulira nkhalango yosungira nyama ya Kasungu kuloŵa m'nkhalangomo kukatola matondo pa nyengo yake. Kunja kwa malirewo mitengo yambiri inali itagwa kale chifukwa cha minda ndi zigafa za fodya, ndipo matondo anali atapita nayo.