Kuyendanso Pambuyo Podulidwa Mwendo

Amayi anzanga, m'sewero lomwe tamvera lija mayi wina anamvera chisoni mwamuna wake atadulidwa mwendo. Anamgoneka pamphasa miyezi itatu, atamuikira pilo kunsi kwa bondo. Bala linapola bwino, koma bondo linauma lili chopindika, ndipo mwendo woikirira unakanika kumukwana. Lero tikambirane m'mene tingapewere zimenezi.

Mwendo umadulidwa pa zifukwa zosiyanasiyana monga ngozi za pamsewu, matenda a shuga, khansa, kapena chilonda chomwe chawola. Wodulidwa mwendo, kaya ndi mwana kaya wamkulu, angathe kuyendanso. Koma ntchito yake imayamba msanga, ndipo yambiri imachitikira pakhomo.

Choyamba, tetezani bondo. Minofu ikakhala yopindika nthawi yaitali imafupika, ndipo kuiwongolanso n'kovuta. Musaike pilo kunsi kwa bondo. Akakhala pampando, mwendo wodulidwawo usalendewere. Autsamiritse pa mpando wina uli chowongoka. Adokotala akalola, azigona chafufumimba mphindi 20, kawiri kapena katatu patsiku, kuti chiuno chisaume.

Chachiwiri, samalani mbali yotsala ya mwendo. Bala likapola, tsukani ndi sopo tsiku lililonse ndi kupukuta bwino. Mangani bandeji mopingasa monga anakuonetserani kuchipatala, yothina pang'ono kumapeto, yomasuka chakumtunda. Izi zimachepetsa kutupa. Mukaona mafinya, fungo, kutentha thupi kapena khungu kuda, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachitatu, aphunzire kuima osapendama. Thupi linazolowera miyendo iwiri, tsono liyenera kuphunzira mwatsopano. Ayambe ndi kukhala m'mphepete mwa bedi osatsamira, akutambasula manja uku ndi uku. Kenaka aziima atagwira tebulo lolimba, inu muli pambali pake. Akazolowera, ayambe ndodo zoyendera. Kulemera kwa thupi kukhale m'manja, osati m'khwapa, chifukwa ndodo yokanikiza m'khwapa imapweteka mitsempha ya mkono. Pokwera pakhonde utsogole mwendo wabwino. Potsika zitsogole ndodo.

Ambiri amamva ngati mwendo wodulidwa uja ukadalipo, mwina kuyabwa kapena kupweteka kumene. Si ufiti ayi, ndiponso si misala. Ubongo ndi umene ukukumbukirabe mwendowo. Choopsa chake n'chakuti munthu akadzidzimuka usiku amafuna kupondera mwendo umene palibe, nagwa. Choncho ikani nyali ndi ndodo pafupi ndi pogona. Chotsani miyala ndi zipangizo panjira ya kuchimbudzi, ndipo kubafa muikeko kampando.

Ngati ali ndi shuga, yang'anani phazi lotsalalo tsiku lililonse, ndi pakati pa zala pomwe. Asayende wopanda nsapato. Phazi limeneli ndilo lasenza ntchito yonse tsopano.

Miyendo yoikirira imapangidwa ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Funsani a mafizo pa chipatala cha boma lanu kuti akulembereni kalata yokutumizani kumeneko. Mwana amafunika kumusinthira mwendo akamakula, tsono musaphonye masiku obwererako, ndipo asasiye sukulu.

Amayi, kumuchitira zonse wodwala kumamfooketsa. Mulekeni adzisambitse yekha, atonole chimanga, alere mwana. Inu khalani pafupi kuti mumgwire akadzandira. Amene ali ndi funso afunse tsopano, kapena akaonane ndi anamwino tikamaliza sikelo.