Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Aphunzitsi a Chingerezi

 

Tonse tikudziwa kuti bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE kwa mwana amene walakwa Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani. Mantha a lamulo limeneli abala chizolowezi chimene ndikufuna tichitaye: kulowezetsa ana zimangirizo. Mphunzitsi amalemba chimangirizo chabwino pabolodi, ana nkukopera m'makope, nkuchiloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Tsiku la mayeso mutu ukangosintha pang'ono, mwana amakhutula zolowezazo pa funso limene silinafunsidwe. Mwana amaphunzira kulemba polemba yekha nkhani imene akuidziwa, monga mmene amayi ake amachapira zovala kudambo kapena mkangano wa pamjigo, ndipo tizimulola kuyamba wayala maganizo ake m'chinenero cha kwawo asanawaveke Chingerezi.

Umboni uli m'makope omwe mumachonga. Mwana akalemba kuti "borrow me your pen", sanapenge ayi. Wanyamula "ndibwereke cholembera" nkuwoloka nacho. Akatchula agogo ake aakazi kuti "he", ndi chifukwa choti mawu athu oti "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi. Timawu ta "a" ndi "the" amatidumpha poti Chichewa chilibe, ndipo "play" ndi "pray" amawasokoneza poti kwa ife l ndi r ndi pachibale. Zolakwika zoterezi zili ndi gwero lodziwika, ndipo mphunzitsi wodziwa zinenero zonse ziwiri angathe kuyika ziganizozo moyandikana pabolodi, mwana naona yekha pamene njira zasiyanirana. Chimangirizo choloweza chimabwera chopanda banga, choncho chimabisa nthenda imene mphunzitsi akanachiza.

Ena anena kuti Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndiye kulowetsa Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao m'phunziro la Chingerezi ndi kubweza ana m'mbuyo. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, koma cholinga cha lamulolo ndi choti mwana athe kugwiritsa ntchito Chingerezi, ndipo mphindi zisanu zokambirana m'chinenero cha kwawo mfundo imene iyambe ndi imene itsatire sizimulanda kanthu. Luso losanja nkhani silikhala la chinenero chimodzi. Samuel Josiah Ntara analemba buku lake la Nthondo m'Chichewa, ndipo T. Cullen Young atalimasulira linatuluka m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina loti Man of Africa. Msana wa nkhaniyo unali utaima kale Chingerezi chisanafikepo.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la kuchuluka kwa ana, ndipo ili sindingalipeputse. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a ana oposa 100 si achilendo, ndipo mphunzitsi mmodzi sangachonge makope onsewo tsiku ndi tsiku nkukhalabe ndi mphamvu zokonzekera phunziro la mawa. Komatu palibe amene analamula kuti cholakwika chilichonse chizingidwe ndi cholembera chofiira. Kope lofiiriratu limangouza mwana kuti walephera, osamuonetsa poyambira. Apatseni ana ndime imodzi ya ziganizo zisanu, sabata ino muyang'ane nthawi ya aneni yokha, sabata yamawa zizindikiro za m'kalembedwe. Ana awerengerane mokweza awiriawiri, chifukwa khutu limagwira zimene diso laphonya, kenaka aliyense alembenso ndime yomweyo kachiwiri. Kulembanso kumeneku ndi kumene timakudumpha kawirikawiri, pamene ndipo pagona phunziro lenileni.

Aphunzitsi aakulu, pempho langa kwa inu ndi lakuti muteteze nthawi yolemba pa ndandanda wa maphunziro, isamadyedwe ndi kukopera manotsi. Mafumu athu, kauzeni makolo kuti kope ndi pensulo zisamasowe m'chikwama cha mwana. Ndipo inu aphunzitsi, Lolemba likubwerali musalembe chimangirizo pabolodi. Perekani mutu, mudikire ana alembe okha.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro ano atsekedwa. Muyende bwino.