WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale ku Chitala



Mwandipempha kuti ndikambepo za ntchito ya phungu wa mbali yotsutsa boma. Ife amene tidakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti mawu oti kutsutsa adali oopsa kuwatchula. Itachitika riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, wotsutsa adapeza mpando wake m'Nyumba ya Malamulo. Koma kodi ntchito yake tidaimvetsa? Chitsanzo tisachifune kutali. Chili m'boma lathu lomwe lino la Salima.

Dr. Jessie Kabwila adali mphunzitsi pa Chancellor College ku Zomba. Mu 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wina, Dr. Blessings Chinsinga, kuti akafotokoze zimene adaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi adanyanyala ntchito, ndipo amene ankatsogolera bungwe lawo adali mayi Kabwila. Iwo adachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo atatu, koma chaka chisanathe onse adabwezeredwa.

Mu 2014 anthu a dera la Salima North West adawasankha kukhala phungu pa tikiti ya chipani cha Kongeresi, chimene nthawi imeneyo chidali mbali yotsutsa. Adakhala mneneri wa chipanicho komanso wapampando wa gulu la aphungu aamayi. Njira siidali yosalala. Mu 2016 apolisi adawamanga chifukwa cha nkhani zimene akuti ankakambirana ndi anzawo pa WhatsApp. Pambuyo pake adasiyana maganizo ndi akuluakulu a chipani chawo, ndipo mu 2019 adaima pa tikiti ya UTM nagonja. Adadzabwereranso ku Kongeresi, ndipo mu 2025 adakhalako nduna ya maphunzitso apamwamba mpaka boma lidasintha chaka chomwecho.

Ena a inu mudawavotera, ena ayi, ndipo sindidabwere kudzakopa munthu. Ndikufuna tingoona chinthu chimodzi. Phungu wotsutsa alibe unduna. Sangalamule kuti msewu uthiridwe phula mawa. Chida chake ndi pakamwa, mafunso kwa nduna, ntchito ya m'makomiti ndi voti yake.

Taonani zimene zida zimenezi zidabala m'zaka zimenezo. Mu 2015 Nyumba idavomereza lamulo la maukwati limene lidati munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18. Komabe malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa ngati makolo avomera. Kusintha malamulo aakuluwo kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo chipani cholamula pachokha chidalibe chiwerengero chimenechi. Aphungu aamayi a zipani zosiyana adagwirana manja, otsutsa ndi aboma omwe, ndipo mu Febuluwale 2017 khomo lija lidatsekedwa. Mpando wa uphungu udapita kwa wina, koma lamulo lidakalipo, ndipo likuteteza mtsikana wa Sitandade 7 kuno ku Chitala.

Anzanga, vuto lili ndi ife ovota. Phungu timamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi ndalama zimene wagawa pa msonkhano. Akatsutsa bajeti timati ndi wamwano. Pamene akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma lopanda wolitsina khutu tidakhala nalo zaka makumi atatu, ndipo tikudziwa mmene lidaliri.

Ife tidapita kusukulu, ndipo kumudzi amatifunsa nzeru. Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, wofuna uphungu akafika, wa chipani chilichonse, timufunse kuti akakambako chiyani ku Lilongwe za sukulu, za mtengo wa thonje ndi za asodzi a kunyanja. Chachiwiri, lamulo silidziyendera lokha. Tikamva kuti mtsikana wasiyitsidwa sukulu kuti akwatiwe, tikadziwitse amfumu ndi aphunzitsi aakulu, ndipo bungwe lathu lithandizepo pa fizi ndi makope kuti abwerere m'kalasi.