Galasi Siligona Ngakhale M'chisanu Choopsa

Lero tikambirana za galasi, kuwala ndi chisanu. Ikani patebulo zinthu ziwiri: botolo, ndi mwala woyera wa nsangalabwi wotola kumtsinje.

Zinthu ziwirizi n'zapachibale, pakuti galasi amalipanga posungunula mchenga, ndipo mchenga wambiri ndi nsangalabwi yonyenyeka. Kusiyana kwake kuli m'kati. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu, ndipo maatomu angapo akagwirana amapanga molekyu. M'nsangalabwi maatomu anandanda bwino ngati mizere ya mtedza m'munda. M'galasi anangounjikana monga achitira ogulitsa nthochi pa Nyimba basi ikaima.

Tsono akatswiri a sayansi amaika mamolekyu a utoto m'galasi kuti akhale mboni za zochitika m'katimo. Molekyu ya utoto imameza kuwala kwa mtundu wakewake, monga ng'oma iliyonse ili ndi liwu lake. Pamalo otentha maatomu amanjenjemera kwambiri, kotero kuti liwulo silimveka bwino. N'chifukwa chake akatswiriwo amaziziritsa galasi ndi mpweya wa helium wosanduka madzi, umene kuzizira kwake ndi madigiri 269 pansi pa ziro. Woyamba kuusandutsa madzi anali Heike Kamerlingh Onnes, mumzinda wa Leiden, m'chaka cha 1908. Chisanu chathu cha m'mwezi wa June n'chofunda poyerekeza ndi chimenecho.

Mungaganize kuti m'chisanu chotere zonse zimangoti zii. Ayi. M'chaka cha 1971 Zeller ndi Pohl, a pa yunivesite ya Cornell ku America, anapeza kuti galasi lozizira chotero limasunga ndi kudutsitsa kutentha mosiyana ndi nsangalabwi. M'chaka cha 1972 Anderson, Halperin ndi Varma, ndiponso Phillips payekha, anafotokoza chifukwa chake: m'galasi muli timagulu ta maatomu tokhala ndi malo awiri okhalapo, ndipo timasamukasamuka pakati pa malowo ngati munthu wotembenuka pamphasa.

Kusamuka kumeneku kumasokoneza mboni zathu zija m'njira ziwiri. Choyamba, kuwala kwa laser kukagunda mamolekyu, onse amayamba kugwedezeka pamodzi ngati ovina otsata ng'oma imodzi. Koma maatomu oyandikana nawo akatembenuka, aliyense amataya phazi, ndipo mgwirizano umatha m'kanthawi kochepetsetsa. Chachiwiri, mtundu wa kuwala kumene molekyu imameza umasendera pang'ono uku ndi uku, monga liwu la ng'oma limasinthira chikopa chikawambidwa pamoto kapena chikachita chinyezi.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinkapimidwa pa mamolekyu miyandamiyanda nthawi imodzi. Koma m'chaka cha 1989 W. E. Moerner ndi Lothar Kador, ku California, anazindikira molekyu imodzi yokha mwa kuwala kumene inameza. Chaka chotsatira Michel Orrit ndi Jacky Bernard, ku Bordeaux, anapima kuwala kotuluka m'molekyu imodzi. Posakhalitsa akatswiri anaona mtundu wa molekyu imodzi ukulumphalumpha, poyamba m'zinthu za maatomu ondanda koma zokhala ndi zilema, kenaka m'zinthu zonga pulasitiki. Luso loona molekyu imodzi linathandiza kupanga makina oonera zinthu zazing'ono kwambiri m'thupi la chamoyo, ndipo Moerner anali mmodzi wa atatu olandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2014.

Aphunzitsi, chitani ichi ndi ana. Mangani timiyala tisanu ku zingwe zofanana kutalika, muzipachike pa nsungwi imodzi. Tikokereni mbali imodzi, mutitaye nthawi imodzi, ndipo tidzayenda pamodzi. Kenaka ana awiri azikhudza zingwezo pang'ono, mosasankha. Werengani kuti tagwedezeka kangati mgwirizano usanathe. Timiyalato ndiye mamolekyu, ndipo zala za anawo ndiye maatomu osakhazikika a m'galasi.

Ana inu, lembani mayankho a mafunso awa m'makope anu. Kodi nsangalabwi ndi galasi zisiyana bwanji m'kati? N'chifukwa chiyani akatswiri amaziziritsa galasi asanalipime? Nanga chimasuntha mtundu wa molekyu n'chiyani? Tsalani bwino mpaka sabata lamawa.