Mphete ya Ophunzira ndi Chithunzi cha Pakhoma

M'dziko la America muli mwambo wakuti wophunzira akayandikira kutsiriza sekondale kapena koleji amagula mphete. Pa mphetepo pamalembedwa dzina la sukulu ndi chaka chotsirizira maphunziro, ndipo ena amaivala mpaka imvi zitamera. Mwambowu unayamba m'chaka cha 1835 pa sukulu ya asilikali ya West Point, kenaka unafalikira m'sukulu zina.

Kuno ku Malaŵi mphete ndi ya chinkhoswe ndi ukwati. Chikumbutso cha sukulu ndi china. Mnyamata wochoka ku Likuni Boys, kapena mtsikana wochoka ku Likuni Girls, amasunga tayi kapena baji pansi pa sutikesi. Wotsiriza ku Bunda, koleji ya zaulimi ya kufupi ndi Mitundu, imene inaloŵa m'Yunivesite ya Malaŵi m'chaka cha 1967 ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR, amajambulitsa chithunzi atavala mkanjo ndi chisoti. Chithunzicho kaŵirikaŵiri chimakapachikidwa pakhoma m'nyumba ya makolo kumudzi, pamene mlendo aliyense amachiona asanakhale n'pansi.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Mphete imakwana chala chimodzi, pamene chithunzi cha pakhoma ndi cha banja lonse, pakuti akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Fizi ya mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje imachokera m'mabelo a fodya, m'matumba a mtedza, ndi m'mbuzi zogulitsidwa pa tsiku la msika. Amalume amasonkha yoyendera, amayi amakazinga chimanga ndi kusinja chiponde cha kamba, ndipo nthaŵi zina mlongo amasiyira sukulu panjira kuti ndalama zikwanire mmodzi. Mkanjo amavala ndi mmodziyo, koma thukuta ndi la onse.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti m'nyumba zina chithunzicho ndicho chokha chimene chinabwerera kumudzi. Mwini wake anapeza ntchito m'tauni, naiŵala njira ya kwao. Denga likudontha pamwamba pa felemu, chiswe chikukwera khoma, ndipo ang'ono ake akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kwinaku mkulu wao akumwetulira pakhomapo atavala chisoti.

Chikumbutso chimakhala ndi ntchito ngati chikumbutsa munthu ngongole yake. Wophunzira amene chithunzi chake chili pakhoma la makolo ayenera kudziŵa kuti chinagulidwa ndi khasu. Mangaŵa otere sabwezedwa kwa makolo okha. Amabwezedwa polipirira mng'ono, mlongo kapena mwana wa mlongoyo, kuti tsiku lina pambali pa chithunzi choyamba pakhomedwe msomali wachiŵiri.