Usiku Wanga Woyamba m'Boti la Thanga

Ambiri tili muno tinakulira ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25, ndipo madzi akulu amene tinkawadziwa anali a mtsinje wa Lilongwe. Nyanja ili pa mtunda wa makilomita ongopitirira 100 kuchokera kuno, komabe timaiona ngati ya alendo ndi asodzi okha. Lero ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinaphunzira nditayenda ndi kugona koyamba m'boti la thanga.

Munali mu Seputembala 2019 pamene mnzanga wa kuntchito anandiitana ku Senga Bay. Boti lake linali la mamita 7, lokhala ndi mlongoti umodzi, matanga awiri ndi kachipinda kogona anthu atatu mothinana. Tisananyamuke anandiveka jekete yoyandamitsa munthu, nandiuza malamulo awiri: dzanja limodzi lizigwira ntchito, linalo lizigwira boti, ndipo akafuula kuti tikutembenuka, ndiziweramitsa mutu kuopa mtanda wa thanga.

Chinandidabwitsa ndi chakuti boti lotere limatha kulowera chakumene mphepo ikuchokera. Silingalunjike mphepoyo, koma limaidula chopingasa, pa madigiri pafupifupi 45, kenaka nkutembenukira mbali ina, monga muja ng'ombe imakwerera chitunda mokhotakhota. Pansi pake pali chitsulo cholemera chimene chimaliletsa kugudubuzika ndi kukankhidwira cham'mbali. Mphepo ikakula, nzeru ndiyo kuchepetsa thanga msanga, osadikira kuti zinthu zifike povuta. Mseru utandiyamba, anandipatsa tsigiro nandiuza kuti ndiziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Posakhalitsa mtima unakhala pansi.

Tinafika ku zilumba za Maleri dzuwa likupendeka. Zilumbazi ndi mbali ya paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984. Tinaponya nangula kuseri kwa chilumba, kumpoto kwake, chifukwa mwera umachokera kummwera chakuvuma. Chingwe cha nangula tinachitaya chotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, kuti nangulayo agone pansi ndi kuluma mchenga. Titatero tinasankha mtengo ndi thanthwe pamtunda ngati zizindikiro, kuti zikasuntha tidziwe kuti boti likukokoloka.

Kugona m'boti sikufanana ndi kugona m'nyumba. Bedi limapuma ngati chamoyo. Madzi amagogoda pafupi ndi khutu, ndipo chingwe chilichonse chili ndi kulira kwake. Tinapachika nyali pamlongoti kuti ena atione, ndipo tinkadzuka mosinthana maola awiri alionse kukaona nangula. Pa nthawi yanga yolonda ndinaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mzinda. Anthu amenewa amagwira ntchito usiku wonse, ambiri pa bwato lopanda jekete, kuti ife tipeze ndiwo pa msika wa Kawale. Kuyambira tsiku limenelo sindinenerera kwambiri mtengo wa usipa.

Abale anga, nyanja yathu si yoseweretsa. Pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mwera umautsa mafunde oposa msinkhu wa munthu. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha namondwe, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanji kaboti kodzaza ana asukulu? Chakudza sichiimba ng'oma.

Ichi ndicho chandiimika pano. Chaka ndi chaka ana a m'makomboni athu amapita ku Salima pa maulendo a sukulu ndi a mpingo. Ochuluka sadziwa kusambira, koma amakwera maboti opita ku zilumba popanda wofunsa ngati muli majekete okwanira. Ndikupempha kuti ife makolo tichite zinthu zitatu. Choyamba, mwana aphunzire kusambira asanapite kunyanja. Chachiwiri, asakwere boti lopanda jekete ya munthu aliyense, kapena lodzaza mopyola muyeso. Chachitatu, wotsogolera ulendo azifunsa asodzi a pamalopo za mphepo, ndipo akati lero ayi, ikhale ayi.

Sindikuti tiziithawa nyanja. Ndi yathu, ndipo mwana wa ku Chinsapo ali ndi ufulu wogwira tsigiro monga wina aliyense. Koma tiifike ndi ulemu ndi chidziwitso, kuti onse amene tawatumiza azibwerako.