MUNTHU WOGONA USANA: ZA MATENDA A KAODZERA

Nkhani ya madzulo ano ndi ya mwamuna wina wokhala ku Kitwe. Iye sanalembedwe nchito pa mgodi, koma adyetsa banja lace ndi maganyu a zomangamanga. Cotero alibe cipatala ca kampani, alibenso khadi la NHIMA, bungwe lija la inshuwalansi ya zaumoyo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018.

Mwamunayu anapita kumaliro kwao ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, nakhalako masabata awiri. Atabwerera ku tauni anayamba kumva mutu ndi kutentha thupi. Anagula mankhwala a malungo m'sitolo, koma sanapeze bwino ai. Mwezi waciwiri zinthu zinasintha. Usiku tulo timkana, koma usana aodzera ngakhale ali ndi mbamu ya nsima m'manja. Manja anjenjemera, lilime lilemera polankhula, ndipo munthu amene anali wofatsa wasanduka waukali. Anansi ena ati walodzedwa, ena ati ndi mowa. Mwini wace akana kupita kucipatala, poopa kuti kupima matenda a m'mutu kufuna ndarama zimene iye alibe.

Zizindikiro zotere zingadze ndi matenda osiyanasiyana, monga malungo oopsa kapena matenda oumitsa khosi, ndipo wozilekanitsa ndiye dotolo yekha. Koma munthu akadwala motere atacokera kudera la nchenche zochedwa kashembe, ayenera kukumbukira kaodzera.

Kashembe aluma nyama za kuthengo, makamaka mbawala, natenga tizirombo tokhala m'magazi ao. Akaluma munthu, amsiyira tizirombo tija. Poyamba tikhala m'magazi, ndipo matendawo afanana ndi malungo. Pambuyo pace tilowa mu ubongo; apo ndipo tulo tisokonezeka ndi khalidwe la munthu lisintha. Mtundu wa kaodzera wopezeka m'Zambia ndi wofulumira: wosalandira mankhwala angafe miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Mtunduwu unazindikiridwa koyamba mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham, m'magazi a Mzungu amene anautenga m'cigwa ca Luangwa comweco. Kashembe apezekanso ca ku Mpika, Mambwe, Rufunsa ndi m'nkhalango ya nyama ya Kafue.

Nanga za ndarama? Mu 2012 Boma linacotsa malipiro m'makiliniki ace onse, kotero kuti wopanda khadi sayenera kukhala kunyumba. Ayambire pa kiliniki, ndipo ngati matenda ndi akuru apemphe kalata yopita nayo ku cipatala cacikuru. Kupima koyamba sikufuna makina odula: dontho la magazi liikidwa pa galasi, niliyang'anidwa pa maikulosikopu. Nthawi zina dotolo atenganso madzi a m'msana kuti aone ngati tizirombo tafika mu ubongo. Mankhwala a kaodzera aperekedwa ku maiko kwaulere kudzera m'bungwe la World Health Organization. Akale ndiwo nyeleti za suramin ndi melarsoprol. Iyi yaciwiri ili ndi aseniki ndipo ndi yaukali kwambiri. Mu 2024 bungweli linabvomereza mapiritsi a fexinidazole, akumwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya.

Koma pali cinthu cimodzi cimene maikulosikopu sanganene, ndico ulendo wa wodwala. Dotolo wa ku Migodi aona malungo tsiku ndi tsiku, koma kaodzera amuona mwa kamodzikamodzi. Ngati sauzidwa za ku Chama, angafunefune kwina masiku namapita. Cifukwa cace wodwala anene poyera kumene anapita, mwezi umene anapita, ngati analumidwa ndi nchenche kapena anaona cotupa pa malo olumidwa, ndi mankhwala onse amene wamwa kale.

Akuru akale anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Koma matenda awa alanda munthu nzeru zotsegulira citsekoco. Mkazi wace ndiye waona usiku umene tulo tinayamba kumkana. Mbale wace ndiye wamva kuti mau ace alemera. Iwowa ndiwo ayenera kumgwira dzanja, kupita naye kwa dotolo, ndi kumlankhulira. Mau oyamba akhale akuti, "Adotolo, munthuyu anali ku Luangwa miyezi iwiri yapitayo."